Mapepala a Pansi pa Mgwafa

Anagogoda chitseko chimene chinali chotsegula kale. Linali Loweruka m'mawa, m'nyengo ya mvula, ndipo ana anali atakhala pa mphasa m'nyumba yathu ya ku Kabwata, akutchula zilembo za Chiarabu mokweza. Pakati pa sabata ndinkalongedza mabulangete m'nyumba yosungiramo katundu ku Heavy Industrial Area. Madzulo ndi Loweruka ndinkaphunzitsa ana a Asilamu anzanga akaweruka kusukulu ya boma. Panalibe wondilipira, panalibenso wondituma.

Pakhomo panaima amuna awiri ovala masuti a safari. Kumbuyo kwawo kunali a tcheyamani a chipani a m'dera lathu, munthu amene ndinanyamula naye maliro kangapo. Tsiku limenelo a tcheyamani anapeza kuti nsapato zawo zinali zosangalatsa kuziyang'ana.

"Muli shani, ba mwalimu," anatero wamtali mwa awiriwo m'chilankhulo cha m'tauni. "Osatiyopa. Tifuna chabe kuona vamene munakwilila."

Kwa osadziwa chipembedzo chathu ndifotokoze. Pepala lolembedwa dzina la Mulungu kapena mawu a m'Kurani sititaya kudzala. Likang'ambika kapena kutha, timalikulunga m'nsalu yoyera n'kulikwirira pamalo pamene anthu saponda. M'zaka zimenezo mapepala anali osowa ngati sopo ndi mafuta ophikira, ndipo pepala lililonse lotayidwa linkathera pamsika kukulungira zitumbuwa. Choncho sabata yapitayo ndinali nditasonkhanitsa masamba akutha a m'mabuku a ana ndi timapepala tawo tophunzirira kulemba, ndipo tinakawakwirira pansi pa mgwafa kuseri kwa nyumba. Tinachita zimenezi masana, dzuwa likuswa mtengo. Wina anaona munthu wandevu akukwirira chinthu choyera ndipo anathamanga nacho kumene ankathamangira anthu masiku amenewo, pamene chipani chinali chimodzi ndipo makutu ake anali paliponse.

Ndisanatsegule pakamwa, wamtali uja anatembenukira kwa ana.

"Nindani azatilangiza pamene ba mwalimu banakumba?"

Ana onse anaweramitsa mitu, kupatula mmodzi. Anali mwana wanga wamkazi, woyamba kubadwa, amene panthawiyo anali mu giredi yachitatu. Anakweza dzanja monga ankachitira pa phunziro. M'nyumba imeneyo phunziro loyamba, ngakhale zilembo zisanayambe, linali lakuti Msilamu sanama. Ndinkalibwereza mpaka ana ankandimalizira mawu. Mwana wangayo ndiye analigwira kuposa onse, moti akaswa kapu ankabwera yekha ndi zidutswa m'manja.

Anawatsogolera kumgwafa, naloza ndi chala. Atatero ananditembenukira, nkhope ili ngwee.

"Ndakhoza, atate?"

Sindinamuyankhe. Sikuti ndinakwiya naye ayi, koma wamfupi uja anali atandigwira kale lamba wa buluku kumbuyo, ndipo maso anga anali pa khasu limene a tcheyamani ankakumbira. Anafukula mtolowo, naukunkhuniza pamatope. Pamene ankandikankhira m'galimoto, ndinamva mawu a mkazi wanga, amene anali atangofika kuchokera pamzere wa ufa.

"Waona zimene wachita? Wapereka atate ako!"

"Muzabwela manje manje," anatero wamtali potseka chitseko cha galimoto. "Ni mafunso chabe."

Ananditengera kunyumba ina pakati pa tauni, yopanda chikwangwani, imene ndinkaidutsa tsiku ndi tsiku pa basi osaiganizira. M'chipinda chofunsira munali bwana wina wonenepa, wolankhula mofatsa ngati m'busa. Mapepala aja anawamwaza pansi, ndipo poyenda uku ndi uku ankawaponda. Ndinamupempha kuti awaike patebulo. Anaseka, nandiuza kuti nditole limodzi ndiwerenge.

Ndinawerenga. Linali lolembedwa ndi mwana wa kalipentala wina wa ku Chilenje, chilembo chimodzimodzi chobwerezedwa mzere wonse, chokhota ngati phazi la nkhuku. Ndinamasulira lina, lonena kuti usamukalipire wamasiye ndipo wopempha usamubweze.

"Iwe," anatero bwanayo, "bantu bamakwilila vintu vibili chabe. Mtembo, na vamene safuna boma ione. Manje aka ni kamtembo ka ndani?"

Ndinafotokoza mwambo wathu kuyambira pachiyambi. Analemba zonse mosamala, kenako anafunsa kuti ndi anthu a dziko liti amene ankanditumizira mauthenga m'chilankhulo chimene boma silingawerenge, ndiponso ana ndinkawakonzekeretsa chiyani. Ndinati ndinkawakonzekeretsa kupemphera, kulemekeza makolo ndi kunena zoona. Anati yankho limenelo ndi labwino, koma si limene ankafuna.

Kunsi kwa nyumbayo kunali chipinda china. Munali matebulo awiri ndi chitsulo chopingasa pakati pake, ndipo iwo ankachitcha kampelwa, ndiko kuti katungwe. Ndinakwera katungwe ameneyo kangapo. Kuyambira pamenepo dzanja langa lamanja silifumbata bwino, ndipo pogwada m'pemphero ndimayamba ndatsamira khoma. Za m'chipinda chimenecho ndalemba zokwanira.

Chimene chinandipweteka kwambiri chinanenedwa kumtunda, ndili pampando, bwana uja akumwa tiyi.

"Mwana wako ni wabwino maningi," anatero. "Uja sanama. Iwe ndiwe ovuta. Tipase chabe zina imozi, olo ya muntu wamene uzonda, uyende ku nyumba. Ngati wakana tizamuleta mwana, azatiuza bonse bamene bamabwela pa nyumba pako."

Ndinamuuza kuti dzina ndilibe. Ndikanatha kutchula munthu aliyense wa kumzikiti, ndipo iye akanakwera katungwe m'malo mwanga. Sindikunena izi kuti munditame. Ndinali wouma mutu kuyambira kale, ndipo ndinkaona kuti ndikanama pamenepo, sindidzathanso kuimirira pamaso pa mwana amene analoza mgwafa. Mwanayo sanamubweretse. Koma ine sindinadziwe kuti sadzamubweretsa, ndipo nsapato iliyonse yodutsa pakhonde ndinkaimvetsera ngati ikutsagana ndi mapazi aang'ono.

Mvula itatha anandisamutsira kundende, ndi chikalata chonena kuti ndikusungidwa pofuna kuteteza mtendere wa dziko. Kukhoti sindinapiteko. M'chipinda chathu munali aphunzitsi, ogwira ntchito za njanji, ndi mkulu wina wa mpingo wa Reformed wa kwathu kum'mawa, amene anamangidwa chifukwa cha zimene analalikira pamaliro. Iyeyu ankandisungira theka la madzi ake akumwa kuti ndisambe m'manja ndi kumaso ndisanapemphere. Mwezi wa Ramadani utafika, msilikali wina wa ndende anandiseka kuti, "Iwe mwalimu uli na mwayi, muno kusala kudya ni kwa mahala." Ananena zoona kuti kunali kwaulere, ndipo mwina ndi mawu oona okhawo amene ndinamva kwa munthu wa yunifolomu.

Mkazi wanga analoledwa kudzandiona nyengo yozizira ili pakati. Anali ataonda. Anandiuza kuti kuntchito anandichotsa, kuti iye akugulitsa tomato pamsika, ndi kuti makolo a ana aja akamuona amawolokera tsidya lina la msewu. Ndinafunsa za mwana.

"Anzake akumutcha shushushu," anatero. Limeneli linali dzina la akazitape a boma. "Akadutsa amaika chala pamilomo n'kumati shuu. Kusukulu amakhala yekha. Kunyumba salankhula."

"Ukamuuze kuti anakhoza. Ukamuuze kuti atate ako akuti unakhoza."

Mkazi wanga anandiyang'ana kudzera pa waya, maso ali gwa.

"Zimenezo mukamuuze nokha, bambo. Kukhoza kwakeko ndi kumene kwandiimika pano."

Ndinakwiya naye, ndipo mkwiyowo ndinakhala nawo miyezi. Lero ndimamumvetsa, koma kumvetsa sikunachotse kuwawa. Kuyambira tsiku limenelo ndinasunga mawu amodzi okha oti ndikapite nawo kunyumba. Anzanga ankalota nyama ndi mabedi awo. Ine ndinkayeseza mmene ndidzakhalire pansi, kumuitana mwanayo, n'kumuuza kuti unakhoza, mwana wanga, wolakwa si iwe.

Ananditulutsa mvula yachiwiri itayamba, Lachiwiri lina m'mawa, popanda chifukwa, monga momwe anandimangira. Bwana wina amene sindinamuonepo anandiuza kuti boma landikhululukira. Sananene chimene landikhululukira. Anawonjezera kuti ndisasonkhanitsenso ana m'nyumba popanda chilolezo cha chipani. Ndinafunsa za mapepala aja, kuti ndikawakwirirenso.

"Mapepala?" anaseka. "Mudala, muno mapepala ni yovuta. Yanasebenza kudala."

Sindinafunse kuti anagwira ntchito yanji.

Ndinayenda wapansi mpaka ku Kabwata. Mgwafa unalipo, dzenje lija litamera udzu. A tcheyamani anandipatsa moni ndi manja awiri, nati tithokoze Mulungu ndi boma. Mwana wanga anali atatalika. Anandigwadira, nandipatsa moni ngati mlendo wochokera kumudzi, nathawira kukhitchini. Ndinati ndimupatse masiku angapo, mawu aja sawola.

Lachisanu lake, nditabwera kuchokera kumzikiti, ndinakhala pampando ndipo ndinamuitana. Anabwera, nakhala pansi patali pang'ono. Nditangoti ndiyambe, wina anagogoda.

Sindinaonepo mwana akudzuka msanga chotero. Anatuluka, nakoka chitseko kumbuyo kwake kuti wakunja asaone m'kati. Ndinamva mawu a mwamuna akufunsa ngati ba mwalimu alipo. Kenako ndinamva mawu a mwana wanga, osalala, aulemu, opanda kunjenjemera ngakhale pang'ono.

"Kulibe. Banayenda ku mudzi ku Chipata. Sitiziba ngati bazabwela."

Ndinasuzumira pa katani. Anali kalipentala uja wa ku Chilenje, atagwira dzanja la mwana wake, amene anali ndi kabuku kokulungidwa m'nsalu kukhwapa. Mwa makolo onse, iye yekha ndiye analimba mtima kubwera. Anaima pang'ono, nagwedeza mutu, natembenuka. Ndikanatha kutsegula zenera n'kumuitana. Sindinatero, pakuti nanenso kugogodako kunali kutandiopsa.

Makolo ndinkakonda kuwauza kuti kuongola mtengo m'poyamba. Sindinadziwe kuti aboma nawonso mwambiwo amaudziwa. Ine ndinamuphunzitsa mwanayo zaka zambiri, pa mphasa, ndi mawu a Mulungu. Iwo anamuphunzitsa m'mawa umodzi wokha, ndipo phunziro lawo ndi limene linakhala. Anthu amandifunsa mmene ufulu unakomera nditatuluka. Ndimawayankha kuti anandibwezera lamba, nsapato ndi chitupa changa, zonse zili bwinobwino, ndipo ndinasayina kuti palibe chimene chasowa.

Mwana wanga analowa, natseka chitseko, nakhoma ndi loko masana. Anaima patsogolo panga, manja ali kumbuyo, ndipo kwa nthawi yoyamba chibwerereni anandiyang'ana m'maso.

"Ndakhoza, atate?"

Ndinali ndi mawu amodzi okha, amene ndinawasunga m'ndende nthawi yonse ija. Anali a funso lina, la pansi pa mgwafa. Koma ndinaona kuti ndikakhalanso chete kachiwiri, sadzandifunsanso kanthu moyo wake wonse.

"Wakhoza, mwana wanga," ndinatero.