Munda wa Mmisiri Wanga

Tsiku loyamba kufufuza mmisiri woti andimangire nyumba, ndinakanda khoma la eni ake ndi msomali. Nzeru imeneyi ndinaitola m'buku lina lopanda chikuto limene ndinagula pamsika wa Mzimba, kwa munthu wogulitsanso mabatire ndi maloko. Bukulo linati pulasitala wabwino sayoyoka ukamukanda. Ndiye nditamva kuti mmisiri wina wotchuka wamanga nyumba ya malata obiriwira kuseri kwa chipatala, ndinakwera kabaza, kukafika, kugwada pakona n'kuyamba kukanda. Posakhalitsa mayi wina anatuluka atanyamula beseni la zovala.

"Adada, mwataya chiyani pakhoma langa?"

Ndinafotokoza mwaulemu kuti ndikuyesa ntchito ya mmisiri wawo.

"Mmisiri wake uti? Nyumba ino anamanga ndi malemu amuna anga. Ya malata obiriwira inzake ili apo."

Ndinapepesa kangapo, n'kubisa msomali uja m'thumba, ndipo unandiboolera thalauza.

Nyumbayo ndinkafuna kumanga kwathu, kufupi ndi Champhira. Imene tinkagonamo inali yaudzu, ndipo dzinja lililonse mayi a kunyumba ankatchera mapoto ndi mabeseni m'chipinda. Ndinawalonjeza, ana akumva, kuti mvula ya chaka chimenecho idzatipeza pansi pa malata. Njerwa tinawotcha mu Julaye. Simenti inalipo ya maziko okha, makoma tinkafuna kumangira dothi monga amachitira ambiri kwathu. Khoma lotere mvula ikalipeza lopanda denga, limasungunuka ukuona.

Munthu wanzeru akanafulumira. Ine ndinagula kope la ana asukulu n'kulembamo mafunso. Amisiri ndinkawakhazika pampando pansi pa mtengo wa mango, ine magalasi pamphuno. Munaphunzira kuti? Kona mumaiwongola bwanji? Maziko mumakumba akuya motani pa dothi la mchenga? Mmodzi anaimirira tili pa funso lachisanu.

"Bwana, ngati ndi mayeso a boma mundiuze, ndikayambe ndawerenga."

Wina anayankha bwino ndithu, koma ndinamukana chifukwa levulo yake yowongolera makoma inali yomanga ndi mphira. Wachitatu anabwera akununkha kachasu nthawi ya m'mawa, ndipo ndinasangalala kuti ameneyu ndamugwira popanda buku. Ogasiti anatha choncho, Seputembala n'kufika pakati.

"Bambo a ana," anatero mayi a kunyumba tsiku lina, "nkhuku zayamba kuikira mu uvuni wanu wa njerwa uja. Kaya nazonso muzifunsa mafunso?"

Kenako ndinamupeza mmisiri wanga. Anali bambo wofatsa wa mudzi wa kutsidya kwa dambo, wosakonda kuyankhula, pensulo ili kukhutu. Mafunso anga anayankha onse, ena mochita kujambula pansi ndi kamtengo. Ananditengera ku nyumba zitatu zimene anamanga, ndipo eni ake anamuyamikira ngakhale iye atapita kuseri. Ndinabwerera kunyumba ndikuyenda ngati ndapha njovu.

Kunena zoona, ntchito ankaidziwa. Chingwe chake chinkakhala chokungika, njerwa zikutsatana mokongola moti anthu opita kuchigayo ankaima kuyang'ana. Ine ndinkazungulira ndi buku langa kukhwapa, ndikugwedeza mutu ngati wochokera ku ofesi. Makoma anadutsa mawindo, anafika pa linta. Kunatsala mizere yochepa ya njerwa, mitengo ya denga ndi malata.

Novembala atangoyamba kunagwa mvula yamphamvu, ya masana onse. M'mawa mwake pamalo pa ntchito panalibe munthu. Mkuja wake chimodzimodzi. Ndinawoloka dambo kukamuona, ndikuganiza kuti wadwala. Ndinamupeza ali wathanzi, matope mpaka m'mawondo, akuwokera fodya ndi banja lake lonse. Mizere yake inayambira pamene ndinaima mpaka kukafika kuphiri.

"Adada, pepani chomene," anatero osaweramuka. "Mbande zikapitirira panazale, ana anga adya chiyani chaka chino? Sabata imodzi yokha, mbwenu ndabwera."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndikalipe, koma ndinakumbukira kuti nanenso chimanga changa ndinali ndisanabzale.

Atatha fodya panabwera chimanga, pa chimanga panabwera feteleza, kenako kupalira. Sabata ija inabala ana. Ine ndinkathamanga ndi mapepala apulasitiki ndi udzu kufunditsa makoma, mphepo n'kumandivundukulira. Khoma la kum'mawa linatsukuluzika, kona imodzi n'kugwa. Mayi a kunyumba anangotulutsa mapoto awo n'kuwaika m'malo mwake m'nyumba yaudzu ija, poto aliyense pa dontho lake. Bola akanandilalatira.

Tsiku lina ndili pamwamba pa mgolo, ndikutsendereza pulasitiki ndi njerwa, mnansi wanga wachikulire anaima pamsewu, khasu lili paphewa. Anayang'ana kona yakugwayo nthawi yaitali, kenako anayang'ana ine.

"Mmisiri munasankha bwino, asibweni, palibe womuposa dera lino," anatero. "Koma kuno mmisiri ndi wa chilimwe. Ikagwa mvula tonse ndife alimi, ngakhale abusa. Chaka chamawa mukamukhazikanso pampando paja, muyambe mwamufunsa kuti nazale wafesa mabedi angati."