Zimene Anandiuza Wofunsidwa Wachisanu ndi Chiwili

Chaka chimene ndinayamba kafukufuku wanga ndinali kugwila nchito m'chipinda cha mafailo pa ofesi ina ya boma ku Petauke. Maphunzilo a digili yachiwili ndinkachitila kunyumba, ku yunivesite n'kumapitako kawili pa chaka. Mutu umene anandivomeleza unali wa mmene anchito a boma a kumidzi akulandilila njila yatsopano yolembela ndi kusunga zinthu pa kompyuta m'malo mwa mapepala. Ndinausankha poganiza kuti ndi wopepuka. Ndinali nditaona mafailo ambili atadyedwa ndi chiswe, ndipo ndinkayembekeza kuti aliyense adzandiuza kuti kompyuta yatipulumutsa.

Kalata yondilola kufunsa anthu inachedwa miyezi iwili. Pansi pake panali mzele umene sindinausamale nthawi imeneyo, wonena kuti ndikamaliza ndidzapeleke zimene ndapeza kwa akuluakulu a ku Petauke ndi ku Nyimba, ndi kukawafotokozela pamaso.

Anthu asanu ndi mmodzi oyamba anandiyankha ngati anapangana. Njila yatsopano ndi yabwino, vuto ndi netiweki chabe. Ndikafunsa zina, ankayang'ana foni yanga imene inali kujambula mawu, n'kubweleza zomwezo. Ndinayamba kuda nkhawa kuti ndidzalemba chiyani m'masamba onse a pepala langa la kafukufuku.

Wachisanu ndi chiwili ndinawapeza ku dela la Nyalugwe, m'boma la Nyimba. Anali alangizi a zaulimi, bambo a imvi, otsala pang'ono kupuma pa nchito. Ofesi yawo inali ya zipinda ziwili, china chodzala makasu ndi mapampu opopela mankhwala. Ndinawawelengela pepala lolonjeza kuti dzina lawo silidzatuluka kulikonse. Anasaina osaliyang'ana, kenako anatsegula dilowa n'kutulutsa tabuleti yokulungidwa m'chitenje.

"Iyi ndiye kompyuta yanu, amai," anatelo. "Lamulo likuti mlimi aimilile apa, ine ndimujambule, ndilembe dzina lake, zipite ku likulu nthawi yomweyo. Ndi mmene dzina limalowela pa mndandanda wa feteleza. Koma pano netiweki imabwela ngati mlendo. Anthu ayenda mtunda kuchokela m'mawa, ndiwabweze?"

Ndinafunsa kuti ndiye amachita bwanji.

Anandionetsa buku lalikulu lachikuto cholimba. Ankalemba maina mmenemo ndi bolopeni, n'kujambula zitupa za alimi. Loweluka lililonse ankakwela njinga kupita pa kaphili kena pamene netiweki imagwila, n'kukhala pamwala kulowetsa maina ndi chala chimodzi. Maso awo anali atayamba kufooka. Nthawi zina makina ankatseka asanamalize, ndipo ankadziwa kuti maina ena anasowa motelo. M'malipoti awo a mwezi ankalemba kuti onse analembetsedwa alipo.

"Lembani zimenezi," anatelo. "Koma musanditchule."

Ndinabwelela ku Petauke mtima utadzala ndi chimwemwe. Ndikuvomela kuti tsiku limenelo sindinaganize za iwo. Ndinaganiza za mutu wachinayi wa pepala langa, umene tsopano unali ndi nyama.

Mphunzitsi woyang'anila kafukufuku wanga, amai okhwima pa nchito koma achilungamo, anandiimbila atangowelenga zimene ndinalemba. Anati apa ndiye pagona pepala lonse. Anafuna kuti ndionjezele msinkhu wa munthuyo, zaka zimene wagwila nchito, ndi mtunda wochokela pa boma kufika ku ofesi yake, kuti owelenga amvetse. Ndinavomela, ndinaonjezela. Nditawelenganso ndime ya alangizi aja Lolemba m'mawa pa desiki yanga, ndinaona vuto. M'mabuku a kafukufuku amati ukachotsa dzina n'kuika nambala, munthu wabisika. Amene analemba mabukuwo sanakhalepo m'boma laling'ono. Ku Nyimba mlangizi wa msinkhu umenewo, wokhala kutali chotelo, analipo mmodzi. Ngakhale mlonda wa pa geti akanamutchula.

Ndipamene ndinakumbukila mzele uja wa pansi pa kalata.

Masabata atatu otsatila sindinkadya bwino. Ndinkachotsa ndimeyo, n'kuibwezela, n'kuichotsanso. Popanda iyo pepala linali lopanda kanthu, ndipo mphunzitsi akanafunsa kuti yapita kuti. Ndi iyo, ndinali kupeleka munthu wokalamba kwa mabwana ake ndi umboni wakuti malipoti ake sanali oona. Ndinkaona m'maganizo kalata yowaimitsa nchito itatsala miyezi yochepa kuti apume. Abwana anga a ku Petauke anandipeza tsiku lina m'khonde n'kunena moseka, "Tamva kuti mwapeza zinthu ku Nyimba. Ndani wakuululilani?" Ndinaseka nawo, koma nditalowa m'chipinda cha mafailo ndinakhala pansi nthawi yaitali, ndikufufuza m'mutu kuti ndinauzako ndani. Ndinali nditauza mnzanga mmodzi yekha, popanda dzina.

Foni ya alangizi aja sinkapezeka. Ndinapempha tsiku limodzi kunchito, ndinakwela minibasi ya m'mawa kufika pa Nyimba, kenako njinga yamoto. Mvula inali itagwa dzulo lake, ndipo kawili ndinatsika kuyenda pansi m'matope, pepala lili m'pulasitiki pansi pa juzi. Njila yonse ndinkakonza mawu opepesela.

Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango ndi alimi angapo, akukambilana m'Chinsenga za mbozi zimene zinalowa m'chimanga. Ndinadikila mpaka anthu atabalalika. Tinalowa mu ofesi, ndipo ndinawauza zonse: za mphunzitsi, za kalata, za msonkhano umene unali kubwela. Anandiuza kuti ndiwawelengele. Ndinawelenga, ndikumasulila m'Chinyanja mzele ndi mzele.

Nditamaliza anati, "Bwelezani pamene mwanena za mantha."

Ndinali nditalemba kuti wofunsidwa wachisanu ndi chiwili amaopa makina atsopano.

"Ndinakuuzani kuti ndimaopa?"

"Iyayi, bambo."

"Munthu woopa amakwela phili Loweluka lililonse? Chotsani zimenezo. Mwandinamizila."

Manyazi anandigwila kuposa mantha amene ndinabwela nawo. Mawuwo ndinali nditawatenga m'mapepala a ena amene ndinawelenga, n'kuwaveka pa iwo.

Ndinawauza kuti ndingathe kuchotsa ndime yonse, ndipo ndinali wokonzeka kutelo. Anapukusa mutu. Anati ndichotse zaka zawo, mtunda, ndi nkhani ya maso, chifukwa ya masoyo ngakhale akazi awo sanaidziwe bwino. Za Loweluka ndinene kuti ndi tsiku lina la sabata. Koma za buku ndi maina osowa zikhale.

"Kuli amai ena amasiye kuseli kwa dambo uku amene dzina lawo linasowa chaka chatha," anatelo. "Anabwela katatu. Ndinawauza kuti ndi kompyuta. Sindinaname, koma sindinanenenso zonse. Mukachotsa, ndani adzadziwa?"

Ndinafunsa ngati sakuopa kuti adzawazindikila.

"Adzandizindikila ndithu," anayankha. "Koma kuzindikila ndi kwina, kulemba pa pepala kuti ndi uje ndi kwina. Inu musawathandize."

Mphunzitsi sanakondwe nditachotsa zimene anapempha. Ndinawafotokozela kuchepa kwa boma la Nyimba, ndipo patapita masiku anandilembela kuti ndionjezele ndime yofotokoza chifukwa chimene ndabisila zinthuzo.

Msonkhano unachitikila ku Nyimba, m'chipinda cha mipando ya pulasitiki. Magetsi anathima ndisanayambe, motelo ndinalankhula kuchokela pa pepala. Alangizi aja sanaitanidwe. Nditafika pa nkhani ya buku, mkulu wina amene ankayang'anila alangizi onse anasiya kulemba n'kundiyang'ana.

"Ndi ofesi iti imeneyo, amai?"

Ndinati malamulo a kafukufuku sandilola kunena.

"Ife ndife amene tinakupatsani chilolezo."

"Inde, bambo. Koma ndinalonjeza."

Anandiyang'anabe. Ndinkaganiza za nchito yanga yomwe, pakuti nanenso ndinali wa boma ndipo anthu awa ankadziwana ndi abwana anga. Amene anayamba kulankhula anali amai ena oyang'anila alangizi a mbali ya Nyampande. Ananena mosakweza mawu kuti ngati ayamba kufunafuna ofesi imene ili ndi buku lotele, ayambile kwawo, chifukwa kumeneko mabuku alipo angapo. Ena anaseka pang'ono. Mkulu uja sanaseke. Analemba kanthu m'kabuku kake, n'kundiuza kuti ndipitilize.

Mayeso ndinakhoza. Pepala langa lili pa shelefu ku yunivesite, ndipo sindidziwa ngati wina analitsegulapo. Patapita miyezi ingapo ndinamva kuti alangizi aja anaitanidwa ku boma, ndipo nchito yolembetsa alimi m'dela lawo inapatsidwa kwa munthu wina. Ena ankati ndi chifukwa cha msinkhu, ena ankati anapempha okha. Sanachotsedwe nchito, anapuma pa nthawi yake. Ndinafunsa anthu awili mozungulila, ndipo aliyense anandiuza zosiyana.

Chaka chatha minibasi imene ndinakwela inaima pa Nyimba, ndipo ndinawaona pafupi ndi ogulitsa nthochi, atavala magalasi, akumanga thumba pa njinga. Ndinatsika msanga. Anandizindikila nditalankhula, n'kundifunsa ngati ndinamaliza sukulu ija. Ndinati ndinamaliza. Anati zili bwino, nafunsa za ana kunyumba. Funso langa linali pakamwa, lakuti kodi ndi pepala langa limene linawachotsetsa pa nchito ya maina. Ndinayamba ndi kufunsa za munda wawo, iwo n'kuyamba kufotokoza za mpendadzuwa umene anabzala mochedwa. Kondakitala anamenya chitseko cha minibasi kuitana okwela. Ndinawagwila dzanja ndi manja awili, n'kuthamangila mpando wanga ndisanafunse.