Chitseko cha Mayi wa Ana Atatu

Akalipentala okalamba a kuseri kwa nyumba za lendi salankhula asanachotse pensulo kukhutu. Chitseko chilichonse amayamba achigogoda kawiri, ngati akuchipatsa moni.

Mliri utavuta, khonsolo inaletsa kutulutsa anthu m'nyumba za lendi. Koma eni nyumba anawatumabe kukazula chitseko cha mayi wa ana atatu amene ntchito inamuthera, kuti mphepo imusamutse.

Iwo anachizuladi, mayiyo misozi ili lengelenge. Anachipala m'munsi, anathira mafuta m'mahinjesi, n'kuchibwezera pomwepo.

Eni nyumba anafika akupumira m'mwamba. "Madala, ndinakutumani zimenezi?"

Pensulo inatsika kukhutu. "Akhonsolo analetsa, bwana. Ndakupulumutsani ku mlandu, ndipo chitseko chanu chasiya kukhula pansi. Mudzandithokoza mliri ukatha."

Kenako anachigogoda kawiri potsanzika. Mayi uja anayankha ali m'kati.