Nambala Leveni pa Ana Leveni

Ndinaphunzitsa zaka khumi ndi zinayi pa sukulu ina ya pulayimale ku Ntcheu ndisanakwere ndege. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa kunja kuno, m'tauni ya Dudley, palibe amene amandifunsa. Kuno ndimasamalira okalamba. Ndimawasambitsa, kuwaveka, kuwamwetsa tiyi, ndipo bambo wina amene ndimamutembenuza pabedi m'mawa uliwonse amangonditchula kuti "love". Ine, munthu amene ndinkati ndikangotsokomola pakhomo la Sitandade 6, ana oposa makumi asanu ndi atatu n'kungoti zii! Sindidandaula, ntchito ndi ntchito, koma mtima wa uphunzitsi sufa msanga.

Lamlungu ndimakwera mabasi awiri kupita ku Small Heath, kumene Amalawi ndi anzathu a ku Zambia timapemphera mu holo yobwereka, pakati pa butchala ya nyama ya halali ndi malo ometera tsitsi. Kumeneko amandidziwa. Kumeneko ndine Madamu.

Nkhani inayamba ndi namwino wina, mayi wa ku Zomba wosadziwa kubisa mawu. Tinali kumwa tiyi titaweruka m'mapemphero pamene anandikoka dzanja.

"Madamu, tandiuzani, akunowa ndi masukulu kapena ndi nazale? Ndachita kuswapa shifiti kuti ndipite ku parents' evening. Ndafunsa mwaulemu kuti mwana wanga ndi nambala chani m'kalasi. Akungomwetulira, akuti she's doing really well. Ndati well poyerekeza ndi ndani? Akuti sangandiuze za ana a anthu ena. Ine ndafunsa za ana a anthu ena?"

Tinaseka mpaka tiyi kutayikira. Mayi aliyense anali ndi nkhani yake yofanana ndi imeneyo. Ine ndinapukusa mutu mwaukatswiri n'kunena kuti mwana sangathamange asakudziwa amene ali patsogolo pake. Tiyi asanazizire, amayi anali atagwirizana kale kuti Loweruka lililonse m'mawa ndiziphunzitsa ana awo masamu ndi Chichewa mu holo momwemo. Ndinakana kawiri monga mwa ulemu. Kachitatu ndinali nditayamba kale kuzungulira mashopu kufuna choko, mpaka wina anandimvera chisoni n'kundiuza kuti kuno amalemba ndi mapeni pabolodi loyera.

Abusa anati ndisanayambe pafunika kalata ya apolisi yotsimikizira kuti ndine woyenera kukhala ndi ana, komanso kuti pazikhala munthu wina wamkulu m'chipindamo nthawi zonse. Ndinang'ung'udza. Zaka zonse zija ku Ntcheu wondilondera anali ndani? Koma ndinatsata.

Tsiku loyamba ndinalowa mwaufumu, n'kuima kutsogolo kudikira kuti aimirire. Palibe anasuntha. Mmodzi anangodzutsa mutu patebulo n'kuti, "Hiya, Miss." Zinanditengera Loweruka katatu kuti aphunzire kuimirira ndi kunena kuti "Mwadzuka bwanji, Madamu", ndipo ankanena ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Ndikafunsa m'Chichewa ankayankha m'Chingerezi. Ndikawaopseza ankafunsa kuti chifukwa chiyani. Komabe ndinali wosangalala kwambiri. Ndinkabwerera ku Dudley zala zitada ndi inki, ndikuimba ndekha m'basi.

Sabata yachitatu kunabwera kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi, kamene kanakwanitsa chiwerengero cha ana leveni. Anali atangofika kumene kuchokera ku Chipata, ndipo mayi ake ankagwira ntchito yonga yangayi. Uyu yekha ndi amene ankaimirira osauzidwa. Buku ankalandira ndi manja awiri, bondo litapindika pang'ono. Samu ya manambala okhaokha ankaimaliza anzake akusaka pensulo, koma Chingerezi chinali chisanamasuke. Ndikaponya nthabwala m'Chichewa, enawo ankangondiyang'ana, iye n'kumaseka yekha atagwira pakamwa. Ndisaname, ndinkamukonda kuposa onse.

Mu Disembala ndinawapatsa mayeso. Mafunso ambiri ndinawatenga m'mabuku akuno, aja ankhani: sitima yanyamuka nthawi yakuti, ana angapo apita kosambira, ena atsika panjira. Ndinachonga ndi peni yofiira, n'kujambula mizere ndi rula papepala loyera, maina uku, mamalikisi uku, nambala kumapeto. Pepala la mtsikana wa ku Chipata ndinaliona bwino lomwe. Masamu a manambala anakhoza onse, ankhani aja sanalembe kalikonse. Ndinaona, ndinamvetsa, ndipo ndinalemba leveni pafupi ndi dzina lake n'kupitiriza ntchito, chifukwa ndi mmene tinkachitira.

Amene anaphunzira kwathu akudziwa tsiku lotsekera sukulu. Sukulu yonse pabwalo, makolo m'mbali, mphunzitsi aliyense ndi pepala lake. Dzina likatchulidwa mwana amadumpha, mayi ake nthungululu. Kumchira mawu amayamba kuthamanga, kenako umangoti amene simunamve maina anu mubwereza. Pa ana ochuluka chotero, womaliza amabisala pakati pa anzake makumi awiri, ndipo amapita kwawo ali gulu. Izi sindinaziganizire. Mu holo ya ku Small Heath munali ana leveni pamzere umodzi wa mipando.

Makolo anabwera atatchena ngati ku ukwati, atanyamula mandasi ndi masamusa a pashopu ya pakona. Ndinakonza magalasi, ndinatsokomola, n'kuyamba. Nambala wani anali mwana wa namwino wa ku Zomba uja. Mayiyo anaimba nthungululu yoti wometa tsitsi wa khomo linalo anasuzumira lumo lili m'manja. Anavula chitenje n'kuyala pansi kuti mwana apondepo, mwanayo n'kumati, "Mum, stop," akusekerera. Mafoni onse anali m'mwamba. Nambala thu, nthungululu. Nambala fili, kuvina. Pofika eyiti m'manja munayamba kuchepa, koma ine ndinali nditatenthedwa, ndipo mphunzitsi wabwino sasiya pepala pakati. Leveni ndinamuwerenga ndi mawu omwewo amene ndinawerengera wani.

Wina anaomba m'manja kawiri n'kusiya. Mtsikanayo anaimirira, anabwera kutsogolo, analandira pepala lake ndi manja awiri n'kupinda bondo. Mayi ake anaseka kuseka kwa manyazi kuja, nati, "Iwe, wanichititsa nsoni pa wanthu." Kenako tinadya mandasi. Madzulo kanema anali atafika kale pa gulu la mpingo la pafoni, ndipo ndinamuonera katatu, kusirira mawu anga.

Mu Januwale ana anabwera teni, mtsikana wa ku Chipata uja osaoneka. Ndinati n'kuzizira. Ndikafunsa mayi ake ankati chimfine, sabata ina ankati shifiti. Mu Febuluwale anandikokera pambali titaweruka m'mapemphero, nkhope itagwa. Kusukulu ya mwanayo anawaitana. Munthu wa viza ngati yathuyi akalandira uthenga wochokera ku ofesi iliyonse, amayamba kuchita mantha asanamve n'komwe nkhani yake.

"Madamu, munipelekezeko," anatero. "Imwe mudziwa kukamba na ma teacher."

Ndinavala suti yanga ya buluu, kupita kukaonetsa anthu mmene mphunzitsi amaonekera.

Tinapeza mphunzitsi wa mwanayo, mtsikana wovala hijabu ndi nsapato zothamangira, msinkhu woti ndikanatha kumuphunzitsa Sitandade 6. Anatikhazika pa timipando ta ana, mawondo anga n'kufika pachibwano. Asananene kalikonse anafunsa mayiwo ngati akulola kuti za mwana wawo zikambidwe ine ndili pomwepo. Ndinadzikonza pakampandopo, ndikuti mumtima, kodi akudziwa kuti ndine ndani?

Kenako anatsegula kabuku kake. Anati chibwerere ku tchuthi cha Khirisimasi mwanayo anasiya kukweza dzanja. Akamalemba amaphimba kope ndi mkono. Atamusankha kuti apite pagulu la masamu ovutirapo anakana, nati iye ndi womaliza. Mphunzitsiyo anati m'kalasi mwake mulibe womaliza, choncho anayamba kufufuza amene anauza mwanayo zimenezo. Anafunsa anzake mmodzimmodzi, anaima pabwalo nthawi yopuma kwa masabata awiri, sanapeze kanthu. Tsiku lililonse limene anaona chachilendo anali atalilemba. Tsopano ankafuna kudziwa ngati ife tikudziwapo kanthu.

Mayi a mwanayo anayang'ana nsapato zawo. Ankadziwa, koma kwathu Madamu salozedwa chala, ndiye anali okonzeka kusenza mlanduwo okha. Ndikanatha kukhala chete, tikanatuluka bwinobwino, mtsikana wa nsapato zothamangira uja n'kupitiriza kuima pabwalo pozizira kusaka munthu amene anali atakhala pakampando patsogolo pake.

"Ndine," ndinatero, m'Chingerezi changa chaulemu kwambiri. Ndinafotokoza zonse, za Loweruka, za rula, za nthungululu. Ndinadziikiranso kumbuyo pang'ono, kuti kwathu ndi mmene timalimbikitsira ana, kuti ineyo ndinafika kusekondale chifukwa choopa kumchira.

Sanandikalipire, ndipo zikanakhala bwino akanandikalipira, chifukwa kukangana ndimakutha. Anangofunsa ngati ndinaona chimene chinamuvuta mwanayo pamayesowo. Ndinayankha msangamsanga, monyadira, kuti masamu amawatha, chinamugwetsa ndi Chingerezi cha mafunso.

"Ndiye munamuuza zimenezo?" anafunsa.

Sindinamuuze. Ndinamuuza nambala basi.

Anatulutsa makope awiri a mwanayo, la pamene anangofika ndi latsopano, n'kuwaika pamodzi patsogolo pa mayi ake. Anawaonetsa tsamba ndi tsamba kuti apa ankalemba mawu atatu, apa akulemba ndime yathunthu. Mayiwo anagwira kopelo ngati lingasweke. Ine khalidwe silinandichoke. Tikuimirira ndinanong'ona kuti, pakati pa ife aphunzitsi tokhatokha, m'kalasi mwake muno mwanayu ali nambala chani? Anaseka mpaka kugwira tebulo, mayi a mwanayo n'kunditsina pamkono. Sanandiuze.

M'basi yobwerera ku Dudley ndinayesa kukumbukira ana anga a ku Ntcheu. Ma nambala wani ndikuwadziwa onse, ena amanditumizira zithunzi za maukwati awo. Koma teremu iliyonse kunkakhala womaliza, katatu pachaka, zaka zonse zija. Ndinafinya mutu kuyambira pokwera mpaka potsika, nkhope ngakhale imodzi sinabwere. Ndinachita manyazi kwambiri, oposa a pakampando paja.

Lamlungu ndinauza amayi kuti za manambala zatha, kholo lililonse lizibwera palokha kudzaona kope la mwana wake, ndipo kanema uja afufutidwe m'mafoni. Namwino wa ku Zomba anaika kapu pansi.

"Madamu, mwayamba zachizungu? Mwana wanga wangolawako kamodzi kokha u nambala wani!"

Ndinamuuza kuti nthungululu akhoza kukaimba kunyumba kwake, palibe womuletsa. Anandinyanyala masabata awiri, kenako anabwera ndi mandasi.

Chotsala chinali chovuta kuposa zonse. Moyo wanga wonse ndinali ndisanapepesepo mwana. Loweruka masana ndinapita kumene mtsikana wa ku Chipata uja ankakhala, chipinda chimodzi cham'mwamba m'nyumba zogundizana zija za ku Small Heath. Mayi ake atamva chimene ndabwerera anagwira mutu.

"Iyayi Madamu, mwana uyu? Mukulu ngati imwe?"

Ndinati inde, mwana yemweyu. Anabwera n'kukhala kumapeto kwa bedi, manja pamiyendo. Ndinamuuza kuti ndinalakwa kumuimika pamaso pa anthu. Ndinamuuza zimene ndinayenera kumuuza mu Disembala, kuti samu iliyonse ya manambala anaikhoza, kuti chotsala ndi Chingerezi cha mafunso ndipo tichigwira limodzi. Mawu ankatuluka mokakamira ngati chitseko chadzimbiri. Pomaliza ndinamupempha kuti abwererenso Loweruka.

"Nizabwera, Madam," anatero. "Ninaganiza kale."

Mtima unakhala pansi. Ndinayamba kudziyamikira kuti kupepesa ndimakuthanso, ndipo ndinamufunsa mwachimwemwe kuti chamubweza mtima n'chiyani.

"Because ngati sinibwera, uja wa number ten ndiye azakhala last. And she cries, Madam. Ine sinilira."

Mayi ake anathamangira kukhitchini kukatereka tiyi amene anali kale patebulo. Ine ndinatsegula pakamwa kuti ndimuuze mwanayo kuti sikudzakhalanso womaliza, koma misozi inanditsogolera, ndipo iye anatsika pabedi n'kukanditengera tishu.