Kadoli ka ku Japan m'moto wa mbiya

Amayi atawasamutsa ku Kabwe kupita ku Kambombo, m'boma la Chama, ine ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ndinalira njira yonse mpaka dalaivala wa lole anatopa nane. Amayi anali nesi. Atate sanabwere nafe. Ntchito yawo inali yokatenga magalimoto akale a ku Japan kudoko la Dar es Salaam n'kuwayendetsa mpaka ku Lusaka kwa eni ake, ndipo anati munthu sangagwire ntchito yotere ali kuchigwa cha Luangwa. Zinali zoona, koma panalinso mayi wina ku Lusaka amene ndinadzamva za iye nditakula.

Kunali kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Nyumba yathu inali m'kati mwa mpanda wa kiliniki, moti aliyense wodzalandira mankhwala ankalowa pageti n'kudutsa pakhonde pathu. Anthu ndinkawaona ambiri, koma wocheza naye ndinalibe. Ana a kusukulu ankalankhula Chisenga, ine Chinyanja cha m'tauni, ndipo ndikangotsegula pakamwa ankaphulika kuseka. Anandipatsa dzina loti Kasista, poti anesi ngati amayi anthu ankawaitana kuti Sista. Nanenso sindinali munthu wophweka, ndisaname. Ndinkavala nsapato ngakhale popita kuchitsime, nkhope nditaikwinya ngati ndatafuna kwinini. Ndinkafuna mnzanga ndi mtima wonse, koma ndinkafunanso kuti aliyense adziwe kuti ine si wa kuno.

Atate sankalemba makalata. Ankatumiza tidoli. M'magalimoto aja, pansi pa mipando ndi m'timatumba ta m'zitseko, ankapezamo zinthu zimene ana a ku Japan anaiwala. Akapeza kadoli ankakakulunga m'nyuzipepala n'kupatsira munthu wobwera ku Chama, kenaka kankatipeza ndi galimoto yobweretsa mankhwala. Tinali tating'ono, totalika ngati chala changa chapakati, maso aakulu pafupifupi theka la nkhope, tsitsi losongoka ngati minga. Ndinali nato tisanu ndi kamodzi. Kena kanali kaloboti kovala chisoti, kena kanyama konenepa kosadziwika ngati ndi galu kapena nkhumba. Kapamtima panga kanali kamtsikana ka tsitsi lobiriwira, konyamula lupanga lotalika kukaposa. Ndinadzamva patapita zaka zambiri kuti tinali anthu a m'makatuni ndi m'masewera a pavidiyo, ndiponso kuti kwawoko akuluakulu enieni amatisonkhanitsa m'makabati. Ine nthawi imeneyo ndinkangotindandalika pawindo n'kumatiuza zonse zimene ana andinena kusukulu. Tidolito tinkamva Chinyanja bwinobwino, ndipo sitinkaseka.

Tsiku lina kunabwera mayi woumba mbiya, atasenza mtsuko umene amayi anaitanitsa. Anabwera ndi mwana wake wamkazi, wondiposa ndi chaka chimodzi, wamiyendo yoyera ndi fumbi. Akuluakulu ali m'kati moyang'ana mtsuko, iye anaima pawindo langa.

"Iwe Kasista, ivi ni vichani?" anandifunsa.

Ndinadzidzimuka kumva Chinyanja. Ndinadzadziwa pambuyo pake kuti anakhalako kwa amalume ake ku Lundazi.

"Ni vanga. Vachokela ku Japan."

"Nigwileko?"

Ndinamupatsa kamtsikana ka lupanga kaja, mtima uli m'mwamba. Anakatembenuza, kukanunkhiza, n'kukagogoda ndi chikhadabo.

"Ni pulasitiki?"

Ku Kambombo pulasitiki inali zigubu za mafuta ophikira ndi makapu ong'aluka. Ndinaona kuti ndikavomera, tidoli ta atate tikhala pamodzi ndi zigubu.

"Awe," ndinatero. "Ni dothi ya ku Japan. Siipezeka kuno."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ananso kadoli. Kanalidi kolemerera kuposa msinkhu wake, kosanyezimira, utoto wake wokhuthala. Anagwedeza mutu ngati munthu wodziwa ntchito.

"Baziba kuumba, mwe," anatero.

Kuyambira tsiku limenelo ndinali ndi mnzanga. Tikaweruka kusukulu tinkapita kudambo kumene amayi ake ankakumba dothi la mtapo. Nsapato ndinkazisiya pansi pa mtengo. Iye ankaimika kadoli kamodzi pamwala, kukayang'anitsitsa, kenaka n'kuyamba kuumba kofanana nako. Zala zake zinali ndi maso. Maso a kadoli ankawaboola ndi kaudzu, tsitsi ankalisongola ndi munga, thupi n'kulisalaza ndi nkhulungo, kamwala kosalala kamene anabera amayi ake. Zanga ndikaumba zinkatuluka ngati mbatata.

"Iwe manja yako ni ya kugwila chabe bolopeni," ankatero, ndipo ndinkaseka. Wina akanati anene mawu omwewo bwenzi nditamulalatira mpaka dzuwa kulowa.

Anandiphunzitsa Chisenga chopatsira moni, ndi china chotukwanira anyamata. Anandiphunzitsanso za moto. Mbiya ikaumbidwa imauma pamthunzi masiku angapo, kenaka amaiyala pa makungwa ouma, kuifunditsa nkhuni ndi udzu, n'kuyatsa m'mawa mphepo isanadzuke. Tidoli take tadothi ankatilowetsa m'mphepete mwa mbiya za amayi ake, ndipo tinkatuluka tofiira, tolira ngwee tikatigogoda. Kwa iye chinthu chosawotcha chinali chisanathe kupangidwa. "Chikalibe kupya, ni matika chabe," ankatero, kutanthauza kuti ndi matope basi.

Miyezi imeneyo ndinasiya kulankhula ndi pawindo. Amayi anaona, ndipo madzulo ena ndinawamva akuuza mzamba wa pakiliniki kuti mwana uja tsopano wayamba kudya.

Chakumapeto kwa chilimwe, kutentha kwa kuchigwa kutafika poti ngakhale nkhuku zinkayenda kukamwa kuli yasa, kamtsikana ka lupanga kanagwa pawindo n'kumenyeka pasimenti. Mkono wonyamula lupanga unathyoka paphewa. Galimoto ya mankhwala inali itabwera katatu konse popanda kanyuzipepala kochokera kwa atate, ndipo ndinalira ngati kwagwa maliro. Mnzanga uja anatola zidutswa ziwirizo n'kuzilumikiza, kuyang'ana mmene zakhalira.

"Leka kulila. Nipase, nizakakonza."

Sindinamufunse kuti akonza bwanji. Za dothi la ku Japan ndinali nditaiwala kalekale. Bodza woliiwala msanga ndi mwini wake.

Patapita sabata, Loweruka masana, ndinamuona akulowa pageti. Sankathamanga monga mwa masiku onse. Dzanja lamanja anali atalikulunga ndi kansanza ka chitenje, kumanzere atanyamula phale. Paphalepo panali kanthu kakuda, kofwanyika, konunkha ngati tayala lopsa. Mbali imodzi kunatsala kachidutswa kobiriwira.

Anafotokoza mofulumira, mawu akumuthawa. Mkono uja anaumata ndi mtapo wabwino, anausiya kuti uume, ndipo m'mawa umenewo anakaika m'mphepete mwa mbiya kuti pomatapo palimbe. Moto utangogwira, kadoli kanayamba kuchucha. Anapisa dzanja kuti akachotse.

Kansanza kaja ndinakaona. Ndikunena izi chifukwa kwa zaka zambiri ndinkadzinamiza kuti sindinakaone. Ndinakaona, ndipo sindinafunse. Mtima unandipsa mpaka m'makutu.

"Chisilu iwe! Wa kumunzi! Uona monga vonse ni mbiya za amai bako? Usakabwelenso pano. Nikakuona chabe pa geti, nizauza amai bakupitikise monga galu!"

Anaika phale lija pakhonde mosamala, ngati pakadali china choti chingasweke, n'kutembenuka. Ndinamuyang'ana mpaka anatuluka pageti.

Lolemba sanabwere kusukulu, Lachiwiri chimodzimodzi. Ndinati akunyanyala, ndipo ndinalumbira kuti ine sindiyamba kupita kwa munthu wondiwotchera chinthu changa. Ndinabwerera pawindo. Koma tidoli tisanu totsalato tinali titasanduka zinthu wamba, ndikatilankhula ndinkangomva mawu anga okha m'chipinda. Masana ndinkakhala pakhonde kuyang'ana odwala akulowa, azimayi obereka ana, nkhalamba zotsimphina, ndipo aliyense wa msinkhu wake akaonekera patali ndinkadzuka kuti ndione ngati ndi iye. Ndinali wosungulumwa kuposa mmene ndinalili tisanadziwane, chifukwa tsopano ndinkadziwa chimene ndikusowa. Kawiri konse ndinayenda mpaka pamphambano yopita kwawo, n'kubwerera. Matama ndi katundu wolemera, koma ndinawasenza masabata awiri athunthu.

Masabata awiriwo atatha, mnzanga uja anabwera naye kukiliniki panjinga, amalume ake akukankha, amayi ake akumugwirira kumbuyo kuti asagwe. Thupi linali litatentha, milomo itauma. Amayi anga atamasula nsanza, fungo linafika mpaka pakhomo pamene ndinaima. Dzanja linali litatupa ngati chikho, zala ziwiri zitamatirirana ndi mafinya. Pulasitiki yosungunuka inali itakanirira pakhungu, ndipo poichotsa kunyumba inachoka ndi khungu lomwe.

Amayi anga sankapsa mtima ndi odwala, koma tsiku limenelo anakweza mawu.

"Imwe amai, masiku yonse aya munali kuti? Kiliniki ili pafupi so!"

Mayi woumba uja anayankha m'Chisenga, maso ali pansi, ndipo mzamba anamasulira. Anati mwanayo ankabisa dzanja, ankati likupola. Atazindikira n'kufuna kubwera naye, mwanayo anakana kwamtuwagalu, anagwira mzati wa nyumba, akuti anamuletsa kuponda pageti, akaponda amupirikitsa. Anayesa kumuthira mankhwala a masamba mpaka lero pamene analibenso mphamvu zokanira.

"Anamuletsa ndani?" amayi anafunsa.

Amayi anatembenuka n'kundipeza pakhomo. Sanandimenye, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Anangoti, "Bwera ugwire beseni." Ndinaligwira mpaka anamaliza kutsuka bala lonse. Mnzangayo analuma chitenje cha amayi ake, sanalire mokweza, ndipo sanandiyang'ane.

Anamugoneka masiku anayi m'kachipinda ka mabedi awiri. Tsiku lachitatu kutentha kutatsika, ndinakulunga tidoli tonse tisanu m'mpango n'kulowa. Amayi ake anali atapita kukaphika kuseri. Ndinayala mpango pabedi, pafupi ndi dzanja lake labwino.

"Tenga vonse," ndinatero. "Ni vako manje."

Anatiyang'ana kanthawi, koma sanatikhudze.

"Nizagwila na chani?" anafunsa. Sananene mokwiya. Anangofunsa.

Pamenepo ndinaulula. Ndinamuuza kuti kulibe dothi la ku Japan, inali pulasitiki basi, yofanana ndi ya zigubu, ndipo ndinanama kuti aone ngati ndili ndi zinthu zapamwamba. Ndinayembekeza kuti anditukwana m'Chisenga chija anandiphunzitsa, ndipo ndikanakondwa akanatero.

"Naine nenze naona monga ni pulasitiki," anatero pang'onopang'ono. "Na pamene nenze kuika pa moto, mtima unakana. Manje iwe ndiwe unakamba kuti ni dothi. Ninati munzanga sanganiname."

Anatembenukira kukhoma. Ndinakhala pamenepo mpaka amayi ake analowa ndi mbale, ndipo ndinakulunganso mpango wanga n'kutuluka.

Dzanja linapola, koma chala cholozera ndi chapakati zinauma zitapindika. Mbiya zikuluzikulu ankathabe kuthandiza amayi ake kukanda dothi lake, koma zosongola ndi munga zija zinathera pomwepo. Tinakhalanso ku Kambombo zaka ziwiri. Sanandide, sanandinene kwa ana ena, ndipo sanabwerenso pawindo langa. Tikakumana panjira ankapatuka pang'ono monga amachitira ndi anthu a pakiliniki, dzanja lamanja atalibisa m'chitenje, n'kundipatsa moni waulemu: "Muli bwanji, ba Sista?"