Ngolo ya Mayi Kuluthumu

Bambo anga, a Harold, anali mphunzitsi. Boma litawasamutsira ku Mitundu m'chaka cha 1977, tinapeza nyumba za aphunzitsi zitadzaza, ndiye tinakakhala m'kanyumba ka kuseri kwa Che Sefu, amene ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika. Ine ndine Zipora, ndipo nthawi imeneyo ndinali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Umu ndi mmene ndinadziwira akazi awo a Che Sefu, Mayi Kuluthumu.

Anali mayi wamfupi, wa mawu aakulu, woseka mpaka kugwira nthiti. Kwawo kunali ku Nathenje, kumene bambo awo anali ndi kagolosale m'mbali mwa msewu wa ku Dedza. Kusukulu sanapite patali, anangophunzira ku madarasa n'kukwatiwa. Ku Mitundu ankakazinga mandasi ndi zitumbuwa m'mamawa uliwonse, n'kukakhala nazo pakhomo la msika. Ana anali nawo awiri: Alima, msinkhu wanga, ndi Sele, kamwana ka zaka zitatu kosadziwa kukhala pansi.

Mayi ameneyu sankakhutira ndi zongomva. Munthu akanena za chinthu chimene iwo sanachionepo, ankamupanikiza ndi mafunso mpaka munthuyo kuthawa. Ndiye tsiku lina m'mwezi wa Seputembala, sukulu zili pa tchuthi, dzuwa likuswa mtengo, kunabwera wogulitsa matemba kudzamatitsa chubu. Akudikira, anayamba kusimba za damu la ku Malingunde.

"Atseka mtsinje wa Lilongwe ndi chikhoma," anatero. "Madzi ake, mayi, munthu wa tsidya linalo amaoneka ngati nyerere."

Mayi Kuluthumu anatiyang'ana ife atatu. Tinali titakhala mozungulira beseni, tikulimbirana kuviika mapazi m'timadzi totsala pochapa. Wogulitsa matembayo atangochoka, anaima pamaso pa amuna awo, manja ali m'chiuno.

"Bambo a Alima, ana awa akula akudziwa madzi a m'ndowa basi. Tiyeni tikawaonetse damulo."

"Pa chiyani? Kuchokera kuno basi ya ku Malingunde kulibe. Tiwabereke?"

"Inuyo si amisiri? Mawilo ali mbwee apawa ndi a ntchito yanji? Mangani ngolo, muimangirire kunjinga."

Che Sefu anali munthu wofatsa, wosakonda mikangano. Anangopukusa mutu n'kupitiriza kumata chubu china. Koma mawa lake tinawaona akukoka chitsulo cha bedi lakale kuchokera kuseri. Anachidula, anachipinda, anaikako mawilo awiri a njinga ndi matabwa a bokosi la tiyi. Ntchitoyo inatenga masabata awiri, ndipo ife tinkadzuka m'mamawa kukaona pamene yafika. Anthu a pamsika ankaima n'kumaseka. Wina anafunsa ngati Che Sefu ayamba kunyamula odwala. Mayi Kuluthumu ankangoyankha kuti, "Sekani, mudzatipempha."

Mayi anga, a Janet, poyamba anakana kuti ine ndipite nawo. Ankaopa madzi. Mayi Kuluthumu anakawapeza akusita yunifolomu ya bambo.

"Amake Zipora, mwanayu ndikamubweza ndi miyendo iwiri yomweyi. Akatsala, adzalira mpaka sukulu kutsegulira, ndipo wosagona mudzakhala inu."

Mayi anga anaseka, n'kulola.

Tinanyamuka Loweruka, dzuwa lisanatuluke bwino. M'ngolomo anayalamo mphasa ndi chitenje. Tinakhalamo atatu pamodzi ndi dengu la mandasi, mpunga wa nkhuku m'bakuli, nzimbe ndi chigubu cha thobwa. Che Sefu anali pa chishalo, akazi awo pa kaliyala. Ngolo itangogwedezeka n'kuyamba kuyenda, tinakuwa tonse nthawi imodzi. Agalu a pamsika anatithamangira, ana anzathu anatithamangira, ife tikuwabayibitsa ngati tikupita ku Joni.

Msewu unali wafumbi, wa mabampu. Ngolo ikadumpha, ifenso tinkadumpha, Sele n'kumakuwa kuti, "Ababa, bwerezani!" Pa chitunda Mayi Kuluthumu ankatsika n'kumakankha, pa chitsetse ankathamanga n'kudumphira pa kaliyala, akuimba nyimbo za kwawo ku Nathenje. Phiri la Bunda, limene tinazolowera kuliona lili pafupi, linayamba kuchepa kumbuyo kwathu. M'midzi imene tinkadutsa, amayi ankasiya kusinja n'kumationerera kukamwa kuli yasa.

Tikuyandikira msika wa Malingunde, tinapeza anyamata a chipani, a Yufi, atatchinga msewu ndi mtengo. Masiku amenewo munthu sunkadutsa popanda khadi la chipani. Mayi Kuluthumu anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa makhadi awiri. Mnyamata wina anawayang'ana, koma maso ake anali pa ngolo. Anaizungulira kawiri, anagwira mawilo.

"Mwagula kuti chimenechi, bambo?"

"Ku Mitundu, pansi pa mango," anayankha Mayi Kuluthumu amuna awo asanatsegule pakamwa. "Mmisiri wake ndi amenewa."

Anatichotsera mtengo uja akuseka.

Damulo tinaliona titakwera kachitunda komaliza. Alima ndiye anayamba kuliona, ndipo anangoti "Amayi!" mawu n'kuthera pomwepo. Madzi anali atagona phee pakati pa mapiri, akunyezimira ngati malata atsopano. Che Sefu anaimitsa njinga. Kenaka Sele anafunsa kuti, "Anatunga ndani?" Mayi Kuluthumu anaseka mpaka kukhala pansi m'fumbi, misozi ili mbwe.

Mlonda wa pamalopo, bambo wachikulire wovala chikhoti ngakhale kunali kotentha, anatiletsa kuyandikira madzi akuyawo. Anatilozera kumunsi kwa khoma, pamiyala pamene amayi a m'midzi ankachapira. Pamenepo madzi ankalekeza m'mawondo, akuyenda pakati pa miyala yosalala. Mayi Kuluthumu ndiwo anayamba kulowa, ndi diresi lawo lomwelo. Anakhala pansi m'madzimo n'kukuwa, "Mayo ine, kuzizira! Bwerani, ana inu, bwerani!"

Sindikudziwa kuti tinakhalamo maola angati. Tinapeza mwala wina wotsetsereka, woterera ndi ndere, ndipo tinkakwera pamwamba n'kutsetsereka mpaka phava m'madzi, Mayi Kuluthumu akutiwakha m'munsi. Tinathamangitsa timatemba ndi chitenje koma sitinagwire ndi kamodzi komwe. Sele anamwa madzi, anatsokomola, analira, kenaka anati amubwezeremonso. Tinadya mpunga uja tili pa mwala, milomo ikunjenjemera, zala zitachita makwinya.

Che Sefu nthawi yonseyi anali pamthunzi, akulondera njinga. Dzuwa litapendeka, akazi awo anayamba kuwanyogodola.

"Mwapalasa mtunda wonsewu kudzaonerera? Lowani, bambo, madziwa saluma."

Anapinda buluku mpaka m'mawondo n'kulowa. Anayenda mapazi atatu okha. Pachinayi anakuwa, n'kukhala pa mwala atagwira phazi. Anali ataponda chibenthu cha botolo, ndipo chinawacheka kwambiri kunsi kwa phazi lamanja. Madzi anafiira. Ife tinayamba kulira.

Mayi Kuluthumu sanachedwe. Anatsuka balalo, anang'amba mpango wawo wapadera n'kumanga phazilo zolimba mpaka magazi analeka. Koma Che Sefu atayesa kuponda, anagwa. Kupalasa kunali kosatheka. Kwathu kunali kutali, ndipo dzuwa linali likutsika.

"Tipemphe malo m'mudzi muno," anatero Che Sefu. "Mawa tiona chochita."

"Ndi mwana wa eni ake? Amake Zipora agona bwanji? Lowani m'ngolo."

"Ndilowe m'ngolo? Nanga apalase ndani?"

Mayi Kuluthumu anakunga chitenje pamwamba pa diresi lawo lalitali, anatsitsa chishalo ndi sipanala ya amuna awo, n'kukwera. Anazungulira bwalo la pamenepo kamodzi, kawiri, kachitatu atasiya dzanja limodzi. Che Sefu anangoti kukamwa yasa.

"Amake Alima! Munaphunzira liti?"

"Ku Nathenje, ndili mtsikana. Ababa akapita kumzikiti ku Juma, ndinkaba njinga yawo n'kukazungulira kuseri kwa golosale. Zaka khumi m'nyumba mwanu, munandifunsapo?"

Tinawakweza Che Sefu m'ngolo, phazi lili m'mwamba pa dengu, Sele ali pamiyendo pawo. Ine ndi Alima tinapanikizana m'mbali. Ngoloyo inalira, koma inapirira.

Pa mtengo uja anyamata a Yufi anali akadalipo. Mmodzi anakweza dzanja, nkhope itauma. Anayang'ana miyendo ya Mayi Kuluthumu, poti masiku amenewo mkazi kuvala buluku kapena kuonetsa mawondo unali mlandu. Koma chitenje chinali chitafika m'mapazi.

"Mayi, mkazi kukoka mwamuna?"

"Mwana wanga, wavulala uyu. Ngati zikukunyansa, bwera upalase ndiwe mpaka ku Mitundu."

Anzake anaphulika kuseka, ndipo mtengo unachotsedwa.

Ulendo wobwererawo sindidzauiwala. Pa chitunda ine ndi Alima tinkatsika n'kumakankha, Mayi Kuluthumu ataimirira pa zopalasira, thukuta lili kamukamu, akukuwa kuti, "Kankhani, ana anga, kankhani!" Pa chitsetse ankangoisiya njingayo kuti ithamange, mphepo ikutiomba m'maso, Che Sefu atagwira matabwa n'kumapemphera mokweza kuti, "Mabuleki, amake Alima, mabuleki!" Ife tinkaseka mpaka kupweteka m'mimba. M'midzi ija amayi ankatiimbira nthungululu.

Tinalowa m'Mitundu dzuwa likulowa, msika usanabalalike. Anthu anasiya malonda. Ena anathamanga pambali pathu akuomba m'manja, ana akukuwa dzina la Mayi Kuluthumu. Iwo sanaime pakhomo. Anapitirira mpaka kuchipatala, kumene Che Sefu anawasoka phazi, kenaka anandibweretsa kwa mayi anga, amene anali ataima pamsewu ndi nkhawa.

Kuyambira pamenepo, tchuthi chachikulu chilichonse Mayi Kuluthumu ankakonza ulendo. Ana a aphunzitsi, a anamwino, a eni masitolo, onse ankadziwa kuti Seputembala akafika kuli kopita. Makolo ankabwera okha kudzapempha malo. Ngolo ija inapita ku damu kasanu konse, ndipo pena ankapalasa bambo, pena mayi.

Ndili mu Sitandade 4 anatitenga ana asanu ndi anayi pa basi kupita ku Lilongwe, kumalo osungirako nyama. Anatimanga tonse timipango tofiira pamkono kuti tisasowe. Tinaona anyani, nsato itadzikulunga ngati nkhata, ndi fisi amene ankanunkha kuposa mmene tinkaganizira. Koma ife tinkafuna mkango. Titafika pa khola lake tinaupeza uli mtulo, utatifulatira. Tinadikira, tinadikira, osagwedezeka.

"Ndiye tabwerera chimenechi?" anatero Mayi Kuluthumu. "Chikungokhala ngati thumba la chimanga."

Sele anayandikira waya, anaika manja kumbuyo mwaulemu n'kunena kuti, "Odi! Odi kuno!"

Mkango unatukula mutu. Unatembenuka, unayasamula, kenaka unabangula. Mawu ake tinawamva m'mimba, osati m'makutu. Woyamba kuthawa anali Mayi Kuluthumu, atanyamula ana awiri m'khwapa, patapata mmodzi atatsala pa khola. Anakaima kuseri kwa mtengo akupuma wefuwefu, kenaka anatiwerenga, tonse tinalipo, n'kuyamba kuseka. Patapatayo anakawatengera ndi wantchito wa pamalopo. M'basi pobwerera tonse tinkabangula, mpaka kondakitala anatiopseza kuti atitsitsa.

Ife tinasamuka ku Mitundu mu 1984, bambo atawatumiza ku Likuni. Che Sefu anamwalira patapita zaka zitatu, ndipo Mayi Kuluthumu anabwerera ku Nathenje, kumene anatenga kagolosale ka bambo awo. Alima anakwatiwa komweko. Sele anakhala dalaivala wa malole.

Mayi Kuluthumu ndinakawaona mu 1992, nditabereka mwana wanga woyamba, Martina. Mawondo anali atayamba kuwavuta, ankayenda ndi ndodo. Koma ndinawapeza akupakira mandasi m'dengu, adzukulu atatu atasamba kale, atavala zoyera.

"Wafika bwino, Zipora. Usakhale pansi. Sele watipezera galimoto, tikupita ku Lumbadzi kukaona ndege."

Ndinapita nawo. Tinakwera pakhonde la pamwamba pamene anthu amaonerera, iwo akukwera masitepe imodziimodzi, adzukulu akuwakoka. Ndege yaikulu inathamanga, phokoso lili gugugu, n'kunyamuka pamaso pathu. Ana anatseka makutu. Mayi Kuluthumu anataya ndodo n'kuyamba kubayibitsa ndi manja onse awiri, akukuwa kuti, "Muyende bwino! Mukapereke moni!"

Ndegeyo italowa m'mitambo, anandigwira mkono.

"Wamuona? Pa windo lachitatu panali mayi wina, wandibayibitsanso."

Ndinawauza kuti ine sindinaone kanthu, kunali kutali.

"Maso ako ndi a m'mabuku," anatero. "Nditolere ndodoyo. Akuti ina inyamuka posachedwa, tidikire."