Dzanja Langa ndi Kagalasi ka Kuchipatala

Ku Nyampande, zaka zija za chipani chimodzi, munthu akadwala ankathamangila kwa ine. Ndikaika dzanja pamphumi, ndanena ndanena. Kagalasi ka kuchipatala kopisa m'khwapa ndinkakanyoza: kanthu kopanda magazi kangadziwe bwanji kutentha kwa munthu?

M'mawa wina mu Juni, ndikuchokela kothilila kudimba, manja ali zii ngati chule, ndinapeza amuna anga aMwanza akubuula. Ndinawagwila. Moto!

"Malungo aakulu awa! Alamu, mangani ng'ombe!"

Tisanapite patali panjila ya kuchipatala cha ku Minga, ngolo inagwedezeka, ndinagwila mkono wa alamuwo. Nawonso moto. Tsaya langa, motonso. Apo ndinadziwa kuti ozizila ndi manja anga. Ndiulule, mbili yanga ife chifukwa cha madzi akudimba? Ndinangoti, "Fulumilani, alamu, munthu atifela!"

Titafika, namwino anawapisa kagalasi kake m'khwapa, nakasolola, nakayang'ana. "Amai, thupi silinatenthe. Abambowa ndi matsile a kachasu."

"Kagalasi kanuko nkakufa," ndinatelo, osaphethila.

Mpaka lelo ndimakanyoza. Koma ndisanagwile wodwala, ndimayamba ndafunditsa manja m'khwapa mwanga, momwe muja mumalowa kagalasi.